Fyuzi ikamapsa mu ampu, musathamangire kuweruza thiransifoma

Mwa maampu (ma amplifier, makina okweza mawu) amene amabwera pa shopu yanga ku Chawama mu Lusaka ndi mawu akuti "thiransifoma yapsa", ambiri amabwerera kwawo ndi thiransifoma yomweyo. Mwini wake waona fyuzi ikupsa nthawi iliyonse akayatsa, kapena wamva fungo la chinthu chopserera, ndiye akatsegula chivundikiro maso amagwera pa chinthu chachikulu ndi cholemera kuposa zonse, mlandu n'kugwera pomwepo. Koma thiransifoma ndi waya wokulungidwa pa chitsulo basi, mulibe chofa msanga. Zimene zimafa kawirikawiri ndi zija zimene iyo imadyetsa: bridge (madaiyodi anayi osandutsa AC kukhala DC), mathiranzisita a output ndi makapasita. Popeza ndiyo yodula kuposa zonse mu ampu, kugula ina musanaiyeze ndi kutaya ndalama za mpingo kapena za bala pachabe.

Musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, nyamulani ampuyo. Ikakhala yolemera mbali imodzi mpaka msana kumva, muli thiransifoma yachitsulo, ndipo zimene ndikunena pano zikukukhudzani. Ikakhala ya mawati ambiri koma yopepuka moti mwana angathe kuinyamula, imeneyo ndi ya switch mode, monga maampu ambiri atsopano a Class D ndi masipika aja okhala ndi ampu m'kati. Mmenemo magetsi a pakhoma amasandutsidwa DC asanafike pa kathiransifoma kakang'ono, ndipo makapasita oyamba amasunga pafupifupi 325V. Imeneyo ndi ntchito ina, ipititseni kwa munthu amene anaiphunzira.

Magetsi a ZESCO amabwera pa 230V, 50Hz, ndipo amapha. Kuzimitsa pa swichi ya ampu sikokwanira, chifukwa waya wa live amakhalabe ndi moto kuchokera pa pulagi mpaka pa fyuzi ndi pa swichiyo. Zulani pulagi, muiike pa tebulo pamene maso anu akuiona, kuti mwana kapena mnzanu asaibwezere pakhoma pofuna kukuthandizani. Vulani mphete ndi wotchi. Valani nsapato, makamaka m'dzinja pamene simenti ya pansi imakhala ndi chinyontho. Ndipo pafupi pakhale munthu wamkulu wodziwa pamene pali main switch ya nyumba.

Pulagi ikazulidwa ngozi siinathe. Pafupi ndi thiransifoma mupeza makapasita awiri kapena anayi akuluakulu, olembedwa mwina 10,000µF 63V kapena 80V. Amenewa amasunga moto ampu itazimitsidwa kale, ndipo ngati fyuzi za pa board zapsa palibe chowamwa motowo, amakhala nawo nthawi yaitali. Mu ampu ya +60V ndi -60V, pakati pa mbali ziwirizo pali 120V. Anyamata ambiri amangowagunditsa ndi sikuludiraiva kuti phaa! Kutero kumasungunula nsonga ya sikuludiraiva, kumatha kudula njira za kopa za pa board, ndipo tizidutswa totentha timathamangira m'maso. Tengani rizisita ya 1k 5W, muimangirire mawaya awiri okhala ndi ma crocodile clip, muikoleke pa miyendo iwiri ya kapasita. Kapasita ya 10,000µF imafuna pafupifupi mphindi imodzi kuti ikhuthuke pa rizisita yoteroyo. Kenako yezani ndi mita yoyezera magetsi (multimeter) pa DC, ndipo musagwire kanthu mpaka muone kuti yatsika pansi pa 2V. Chitani chimodzimodzi ndi iliyonse. Maampu a mavalavu, monga a gitala akale aja, amasunga 400V mpaka 500V ndipo amafuna rizisita yokulirapo, ngati 47k 5W. Ngati simunagwirepo ampu yotero pamodzi ndi munthu woidziwa, musaphunzirire pa nkhani ino.

Nthawi zina yankho limapezeka ampu isanatsegulidwe. Werengani kachitsulo ka kumbuyo. Maampu ambiri abwino mu Lusaka muno anabwera ogwiritsidwa kale ntchito, ena anatumizidwa ndi achibale a kunja. A ku UK ndi a ku South Africa amagwirizana ndi magetsi athu. A ku America ndi a 120V, 60Hz, a ku Japan ndi a 100V, ndipo mukawalumikiza pakhoma pathu popanda step-down (thiransifoma yotsitsa mavolti), mwayi wanu ndi wakuti fyuzi ipse thiransifoma isanapse. Ena ali ndi kaswichi kosankhira 115V kapena 230V. Kaswichi kameneko kamatha kusuntha ampu ikamagubuduka kumbuyo kwa galimoto ya Canter popita ku ukwati kapena ku msonkhano wa chitsitsimutso, ndiye kayang'aneni. Dziwaninso kuti step-down imatsitsa mavolti okha, 50Hz imakhala 50Hz, ndipo thiransifoma yopangidwira 60Hz yokha imafunda kwambiri kuno kuposa kwawo.

Ndimafunsanso mwini ampu kuti, "Abusa, pa Sondo munayatsira pa malaiti kapena pa jenereta?" Funsoli linakula mu 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, malaiti n'kumapita maola ambiri pa tsiku. Mipingo ndi mabala anayamba kudalira majenereta ndi mainvata. Jenereta yaing'ono imatha kukweza mavolti mwadzidzidzi chinthu cholemera chikazimitsidwa, ndipo invata yotsika mtengo ya modified sine imachititsa thiransifoma kulira ndi kufunda ngakhale ilibe vuto. Ampu yotero iyezeni pa malaiti musanaiweruze. Maampu ambiri a Ahuja a m'matchalitchi ali ndi polumikiza batire kumbuyo, 12V kapena 24V malinga ndi kukula kwake. Ikamaimba bwino pa batire koma pa malaiti ili duu, mwadziwa kale kuti vuto lili pakati pa pulagi ndi bridge.

Fyuzi yopsa nayo ili ndi zonena. Galasi lake likada bii, ndiye kuti panadutsa moto wambiri nthawi imodzi, pali shoti penapake. Likakhala loyera koma kawaya kangoduka pakati, mwina fyuziyo inangotopa kapena inali ya mtundu wolakwika. Yang'anani chilembo pa kapu yake: T ndi yochedwa kupsa, F ndi yofulumira. Thiransifoma yaikulu, makamaka yozungulira ija ya toroidal, imakoka moto wambiri pa kamphindi koyamba mukayatsa, ndiye munthu akaika F pamalo pa T imapsa ngakhale ampu ili bwinobwino. Musaiwale fyuzi ya m'pulagi ya miyendo itatu, ndi chingwe chimene. Koma waya wamba, msomali kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya pamalo pa fyuzi, ayi. Mathiransifoma ambiri opsadi amene ndaona anapsa fyuzi yake itachotsedwa mwa njira imeneyo.

Tsopano tsegulani, mujambule ndi foni mawaya onse musanachotse kalikonse, kenako nunkhizani. Vanishi yopsa ili ndi fungo lake loswa mphuno limene silichoka msanga. Pepala kapena pulasitiki yokutira ikada kapena kusungunuka, kapena vanishi ikadontha pansi n'kuuma, umboni wayamba kuoneka. Onetsetsani kuti fungolo likuchokeradi pa thiransifoma, chifukwa rizisita yopsa pa board imanunkhitsa ampu yonse.

Pezani primary (mbali yolowera magetsi a pakhoma) ndi secondary (mbali yotulukira magetsi odyetsa ampu) potsatira mawaya, osati podalira mitundu yake, chifukwa fakitale iliyonse ili ndi mitundu yake. Opita ku swichi ndi ku fyuzi ndi a primary. Onenepa opita ku bridge ndi a secondary, ndipo nthawi zambiri amakhala atatu: awiri a mtundu umodzi ndi wina wosiyana, amene ndi centre tap, wopita pakati pa makapasita akuluakulu. Pangakhalenso ena owonda odyetsa preamp, relay kapena fani. Mu maampu a PA okhala ndi potulukira 70V ndi 100V muli mathiransifoma awiri, ndipo yachiwiriyo ndi ya masipika. Musaisokoneze ndi ya magetsi.

Mayeso oyamba ndi a ampu yozima, pulagi ili pa tebulo. Ikani mita pa ohms, mugunditse nsonga zake ziwiri kuti mudziwe zimene mawaya a mita okha akuwerenga, mwina 0.2 kapena 0.4, ndipo nambala imeneyo muziichotsa pa zimene mupeze. Yatsani swichi ya ampu, muyeze pakati pa mwendo wa live ndi wa neutral pa pulagi. Primary ya thiransifoma yaikulu ya 300VA kapena 500VA (VA ndi muyeso wa mphamvu yake) imawerenga maohms ochepa, pansi pa 10 nthawi zambiri. Yaing'ono ya preamp kapena mikisa imawerenga makumi angapo mpaka mazana. Mukapeza OL, chizindikiro cha mita chakuti moto sukudutsa, njira yaduka penapake, ndiye yendani nayo: chingwe, fyuzi, swichi, kaswichi ka mavolti, n'kumalizira pa mawaya a primary enieniwo. Ampu yokhala ndi standby kapena relay yoyatsira ikhoza kukunamizani pa pulagi, ndiye imeneyo yezani pa primary penipeni. Nambala ikamavinavina kwa kamphindi musadabwe, ndi chibadwa cha koyilo yaikulu, ndipo musagwire zitsulo za nsongazo ndi zala pochotsa, chifukwa koyilo imabwezera kakunjenjemeretsa.

Kenako masulani mawaya onse a secondary pa board, centre tap yomwe. Theka lililonse la secondary yonenepa liwerenge pansi pa ohm imodzi, ndipo matheka awiriwo akhale pafupifupi ofanana. Sinthani mita ifike pa muyeso wake waukulu wa ohms, muyeze pakati pa primary ndi secondary, ndiponso pakati pa primary ndi chitsulo cha ampu. Ponsepo pafunika OL. Mukaona nambala iliyonse yokhazikika mutachotsa primary ku zina zonse, thiransifomayo isalowenso pakhoma, chifukwa ikhoza kuika 230V pa chitsulo cha ampu ndi pa maikolofoni imene wakwaya waika pamlomo. Mita wamba imayeza ndi mavolti ochepa kwambiri, ndiye OL yake si chitsimikizo chonse. Anzathu okulunga mamota ali ndi megger yoyeza pa 500V, ndipo thiransifoma imene inanyowa kapena ikununkha ndi bwino kuipititsa kumeneko. Muli pomwepo yezani mwendo wa earth wa pulagi ndi chitsulo cha ampu, pakhale pansi pa ohm imodzi. Ma DJ ena amadula waya wa earth kuti athetse kulira kong'ung'udza kwa masipika. Kulirako kumathadi nthawi zina, koma achotsa chinthu chimene chikanapsereza fyuzi tsiku limene chitsulo chagwira moto.

Pali matenda amodzi amene mita ya ohms siiona, ndipo ndi amene amasokoneza anthu ambiri. Primary ili ndi mizungulo mazanamazana ya waya. Vanishi ikapsa pamalo amodzi, mizungulo iwiri yoyandikana n'kugundana, maohms amasintha pang'ono zedi moti mita imanena kuti zonse zili bwino. Koma pa AC mzungulo wogundanawo umayendetsa moto wochuluka, umatentha, ndipo primary imakoka mphamvu yambiri. Chogwira matenda amenewa ndi babu.

Babu loyezera ndi chida chimene ndimachikhulupirira kuposa zonse pa tebulo langa, ndipo mungachipange nokha. Pamafunika chingwe chokhala ndi pulagi, soketi imodzi ndi choikamo babu. Neutral ndi earth apite molunjika ku soketi. Waya wa live yekha, wabulauni kapena wofiira pa zingwe zakale, adulidwe kuti moto uyambe wadutsa m'babu usanafike ku soketi. Zonse zikhale m'kabokosi ka pulasitiki kotseka, pasakhale waya wa pamtunda. Babu likhale lakale lija la kawaya m'kati, la 60W kapena 100W, kapena la halogen. La LED ndi energy saver sagwira ntchito imeneyi. Akalewo akusowa m'masitolo masiku ano, ndiye mukalipeza pa kantemba ka m'komboni gulani awiri. Babu la 100W pa 230V silingalole moto woposa pafupifupi 0.43A kudutsa, ndiye ngakhale mu ampu muli shoti yeniyeni, babu limangowala ndipo palibe chopsa. Koma limateteza ampu yokha. Inu mukagwira waya wa live, 0.43A ndi yokwanira kukuphani kambirimbiri.

Chifukwa chomasulira secondary n'chosavuta kumva kwa aliyense amene anakulira ku Chipata kapena ku Katete. Ngolo ikatitimira m'matope ng'ombe imapuma wefuwefu, koma wodwala si ng'ombe. Imasuleni pa goli muone mmene ikuyendera yokha. Thiransifoma yotentha kapena yopsereza fyuzi ikadali yolumikizidwa ku bridge siinapezeke ndi mlandu.

Choncho waya aliyense wa secondary mumukutire payekha ndi tepi kapena mumulowetse mu connector block, kuti asagundane ndi mnzake kapena ndi chitsulo. Ikani fyuzi yoyenera. Kolekani mita ndi ma crocodile clip pakati pa centre tap ndi mbali imodzi, pa AC, pulagi isanalowe. Kenako lowetsani pulagi mu soketi ya babu, muyatse ndi dzanja limodzi, lina lili m'thumba. Thiransifoma yabwino imathwanimitsa babu kamodzi n'kulisiya lozima kapena longofiira pang'ono. Toroidal imalisiya lozima ndithu, pamene yaikulu ya mbale zachitsulo zosanjikizana imatha kulifiiritsa pang'ono. Babu likawala kwambiri osatsika, zimitsani, koma musagamule msanga. Kumbali ya primary kumakhala nthawi zina varistor, kooneka ngati kandalama kabuluu, kapena kakapasita pakati pa live ndi neutral, ndipo timeneti timachita shoti magetsi akakwera mwadzidzidzi. Tichotseni, muonenso ngati kaswichi ka mavolti kalumikizidwa bwino, muyesenso. Likawalabe primary ili yokhayokha, pamenepo thiransifoma yapsadi.

Babu likazima, werengani mita. Zulani pulagi, musunthire clip ku mbali inayo, muyatsenso. Musasunthe clip moto uli mkati, ngakhale zikuoneka zochedwetsa. Matheka awiriwo asasiyane kuposa volti imodzi, ndipo pakati pa nsonga ziwiri mupeze kuwirikiza kawiri. Popanda katundu, nambala imakwera pang'ono kuposa yolembedwa pa thiransifoma. Ngati palibe cholembedwa, makapasita akuuzani. AC ikadutsa pa bridge ndi makapasita imakwera pafupifupi ka 1.4, ndiye 35-0-35 imabala pafupifupi +49V ndi -49V. Mukaona makapasita a 63V, yembekezerani secondary yosapitirira 42V mbali iliyonse.

Ikapambana zonsezi, ilumikizeni pakhoma popanda babu, fyuzi yoyenera ilipo, secondary ikadali yomasula, muisiye kwa theka la ola inu muli pomwepo. Zulani pulagi, ndiye muigwire. Ikhale yozizira kapena yofunda pang'ono. Thiransifoma yopanda katundu imene ikutentha moti dzanja silingakhalepo ili ndi mizungulo yogundana.

Nthawi zambiri imapambana, ndipo ulendo umapitirira kutsogolo. Khuthulani makapasita, muchotse bridge, muiyeze pa diode test: daiyodi iliyonse mwa zinayi iwerenge pakati pa 0.4 ndi 0.6 mbali imodzi, OL mbali inayo. Yowerenga ziro mbali zonse ndiyo inkapsereza fyuzi. Yezani mathiranzisita a output pakati pa collector ndi emitter. Maampu ambiri kuno amagwiritsa 2SC5200 ndi 2SA1943, ndipo achinyengo olembedwa manambala omwewo ndi ochuluka pa msika, ndiye ampu imene inakonzedwa posachedwa n'kufanso ndimayamba kuikayikira pamenepo. Funsaninso kuti ankalumikiza masipika angati. Masipika anayi a 8 ohms pa channel imodzi, olumikizidwa waya ndi waya mwa parallel, amakhala 2 ohms, pamene ampu yambiri inalembedwa kuti isatsike pansi pa 4. Pa kitchen party palibe amene amawerenga zimenezo.

Pobwezera mawaya, bwezerani pang'onopang'ono, ulendo uliwonse kudzera m'babu, masipika osalumikiza. Yambani ndi bridge ndi makapasita okha, fyuzi za ma channel zili kunja ngati zilipo. Babu liwale makapasita akamadzaza, kenako litsike. Onjezani channel imodzi, kenako inayo. Pamene babu lakana kutsika ndi pamene pali vuto. Musanabwezere sipika yezani DC pa malo ake, ikhale pansi pa 0.1V.

Za kulira kong'ung'udza ndinene mwachidule. Chotsani masipika mumvetsere. Kulira kukatha, kunkachokera m'masipika, ndipo kawirikawiri ndi makapasita ouma kapena mawaya a input. Kukapitirira kuchokera m'thupi la thiransifoma, mangani mabawuti ake pulagi itazulidwa, ndipo muyesere pa malaiti ngati munali pa invata. Thiransifoma yong'ung'udza koma yosatentha imatha kugwira ntchito zaka zambiri.

Ikapezeka kuti yafadi, muli ndi zosankha. Primary yowerenga OL koma yopanda fungo kapena chizindikiro cha kupsa nthawi zambiri imakhala kuti yadula thermal fuse, kafyuzi kobisika pansi pa chokutira kamene kamaduka kutentha kukapyola nambala yolembedwa pa iko, monga 130°C. Kakakhala pofikika, kasinthidwe ndi ka nambala yomweyo, komangidwa ndi crimp (kachitsulo kofinyira mawaya pamodzi), chifukwa kutentha kwa soldering iron kumakadula musanakagwiritse n'komwe. Musakalumphe ndi waya. Ndipo fufuzani chimene chinakadula: fani yofa, fumbi la mu September ndi October lotseka mabowo a mpweya, kapena masipika ochuluka aja. Thiransifoma yopsa ingathe kukulungidwanso ndi amisiri a mamota ndi mapampu a zitsime. Auzeni awerenge mizungulo pomasula, agwiritse waya wa kopa wonenepa mofanana ndi wakale, aviike mu vanishi, ndipo inu muiyeze ndi babu musanalipire. Toroidal ndi yovuta kukulunga pamanja, ndiye imeneyo ndimalangiza kugula ina.

Pogula, mavolti a secondary akhale ofanana ndi akale, VA ikhale yofanana kapena yoposa pang'ono. Musakopeke ndi ya mavolti okwera poganiza kuti ampu ilira kwambiri, makapasita ndi mathiranzisita ndi amene alipire. Inyamuleni m'manja muyerekeze ndi yakale. Yopepuka kwambiri pa VA yofanana ndiyokayikitsa, mwina waya wake ndi wa aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba.

Pomanga toroidal ikani labala wake pansi ndi pamwamba, ndipo bawuti ya pakati igwire chitsulo cha ampu mbali imodzi yokha. Ikakhala yaitali moti mutu wake ukhudza chivundikiro, bawutiyo ndi bokosi la ampu zimapanga mzungulo wathunthu wodutsa pakati pa thiransifoma, womwe ndi shoti, ndipo thiransifoma yatsopano imatentha ngati yopsa. Vuto limeneli silioneka ampu ili yotsegula, ndiye mayeso omaliza a babu muwachite chivundikiro chili pamalo pake, masikuluwu onse atamangidwa.